Homosi wa kwa Tanyosi

"Mwati chakudya cha ku Lebanoni?" anafunsa mkulu wogulitsa matikiti pa siteshoni ya basi ku Petauke, cholembera chili m'mwamba. "Lebanoni uja wa mu Baibulo, wa mitengo ya mkungudza?"

"Yemweyo, bambo."

"Kansi akalipo mpaka lelo?"

Anthu a pamzere anaseka, inenso ndinaseka nawo kuti ndisaoneke wopusa ndekha. Mkuluyu anali munthu wachinayi kumufunsa sabata imeneyo. Woyamba ananditumiza kwa Amwenye ogulitsa masamusa, poti kwathu aliyense wa khungu loyera amene si mzungu ndi Mmwenye basi. Wachiwiri anandilozera kunyumba ya alendo a boma, kumene mbale imodzi ya mpunga ikanandigonetsa ndi njala mpaka mwezi kutha. Wachitatu anangondiyang'ana kuyambira pa tayi mpaka kunsapato, n'kundifunsa kuti nsima yandilakwira chiyani.

Chinali chaka cha 1979. Sopo tinkachita kumuimira pamzere, mafuta ophikira tinkangowamva m'mphekesera, koma ine Febian Daka, mphunzitsi wa Giredi 7, ndinali kalikiliki kufunafuna chakudya cha dziko limene sindikanatha kuliloza pa mapu a m'kalasi mwanga popanda kuwerenga mayina.

Chondilowetsa m'zimenezi chinali pakamwa panga. Ndinali pa chibwenzi ndi Virginia Mulenga, namwino wochokera ku Kitwe, mwana wa kapitawo wa kumgodi. Anali mtsikana wosadzimva ngakhale pang'ono, koma ine ndinkamuopa, ndipo mantha amenewo ankandilankhulitsa zazikulu. Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi anandiuza kuti chimene ankachisowa kwambiri kuno kum'mawa sanali magetsi kapena kanema. Ankasowa kanyumba kena kodyeramo ka Mlebanoni, pafupi ndi msika wa kwawo, kumene bambo ake ankawatengera mwezi ukatha.

"Sikenze ka bazungu iyayi," anatero. "Tenze kudya na manja, pa mabenchi. Manje kuno mwandi, ningakapeze kuti?"

"Na kuno kaliko," ndinayankha ndisanaganize. "Ise timadyako kambili. Nizakupeleka."

Ndiye ndinali pamenepo, pasiteshoni, kusekedwa ndi anthu onyamula nkhuku. Ndikutembenuka kuti ndizipita, wina anandikoka mkono. Anali Benson, dalaivala wa lole ya thonje, amene tinkaimba naye kwaya.

"Aticha, imwe mufuna kwa Tanyosi," anatero. "Pa Kacholola paja, mukapitilila Nyimba, kuseli kwa mitengo ya mango. Palibe chikwangwani, muzamvela chabe kanunkilo. Ine nadyako mailo. Mutengo ni wa madalaivala, simuzalila."

"Ni Mulebanoni zoona, osati Mwenye?"

"Mukamuitane Mwenye muone. Azakupitikisani na mutiko mpaka pa Luangwa."

Ndikanayenera kudumpha ndi chimwemwe, koma dzina la Kacholola linandikhala pamtima. Mudzi wathu uli kuseri kwa mapiri a pamenepo, ulendo wa ola limodzi wapansi. Kumeneko n'kumene kunali amama, mayi wanga wondibereka, amene anandiphunzitsa sukulu ndi makala ndi nthochi, bambo atapita kukafuna ntchito kumwera osabwerako. Virginia ndinali nditamuuza kuti amama amakhala ku Sandwe. Ndinasankha Sandwe dala, chifukwa msewu wake ngakhale Landirova imabwerera panjira, ndipo munthu sangangoti tiyeni tikawaone Loweruka.

Ndinkachita nawo manyazi amama. Ndinena mosabisa, poti tsitsi langa layera ndipo palibenso woti ndimunamize. Ndinkachita manyazi ndi mphini za pamphumi pawo, mapazi ong'aluka osadziwa nsapato, ndi fodya wa m'mphuno amene ankamusunga m'kabotolo ka mankhwala. Makhirisimasi awiri anali atadutsa ndisanapondeko kumudzi. Makalata awo, olembedwa ndi akatekisiti, ndinkawayankha mumtima.

Komabe ndinadzilimbitsa. Amama sankafika kumsewu pokhapokha popita kuchigayo, ndipo Loweruka ankakhala kudimba tsiku lonse. Tikadya msanga n'kukwera basi yobwerera, ndani akanationa? Nzeru zotere ndinali nazo zambiri masiku amenewo.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Virginia anavala diresi loyera la timaluwa tabuluu, ine suti yanga imodzi yomweyo. Asilikali anatitsitsa kawiri kuti aone zitupa, poti nkhondo ya ku Rodeshiya inali itayandikira malire, ndipo pa Nyimba basi inaima nthawi yaitali kudikira mbuzi za munthu wina kuti zimangidwe padenga. Njira yonse Virginia ankasuzumira pawindo n'kumafunsa mayina a mapiri. Ena mwa mapiriwo ndinawetako mbuzi ndili mwana, koma ndinkayankha kuti dera lino sindilidziwa bwino. Tinatsika pa Kacholola dzuwa lili pamutu.

Benson sananame. Fungo la nyama yootcha ndi adyo linatipeza tisanawoloke msewu. Kuseri kwa mitengo ya mango kunali kanyumba ka njerwa zosaotcha kopakidwa laimu. Mkati munali matebulo atatu, mabenchi, mpando umodzi wokhala ndi chotsamira, ndi chithunzi cha phiri loyera mbee chodulidwa pa kalendala. Madalaivala awiri ankadya osalankhulana, zipewa zili pamaondo. Virginia anaima pakhomo, anatseka maso n'kukoka mpweya.

"Ni yamene iyi," anatero. "Febian, kansi siwenze kunama."

Mutu unandikula nthawi yomweyo. Ndinamukokera benchi ngati mwini malo.

Tanyosi anatulukira akupukuta manja pamimba. Anali wamfupi, wadazi, waubweya m'mikono. Benson anali atandiuza kuti munthuyu anabwera kudzagula miyala ya m'mapiri, nkhondo n'kubuka kwawo, iye n'kusowa kobwerera. Anayamba kudziphikira yekha chifukwa cha kupukwa, madalaivala n'kumva fungo. Chinyanja chake chinali chopindika koma chothamanga.

"Fikani, fikani. Lelo kuli homosi, kuli buledi, kuli kafuta. Kafuta ni nyama, madamu, osati mafuta. Mafuta ise taiwala nkope yake."

Virginia anaseka mpaka kugwira tebulo. Anamufunsa kuti zinthu za kwawo amazipeza bwanji kuthengo kuno, ndipo Tanyosi anatambasula manja. Nyemba za kwawo sizipezeka, ndiye amagwiritsa nzama. Chitowe chikasowa amathira nsinjiro. Mandimu amachokera ku Nyimba, nyama kwa aliyense amene wapha mbuzi. Ine ndinkagwedeza mutu ngati wodziwa, koma khutu langa linali kwina. Kuseri kwa nyumba kunkamveka mtondo. Munsi unkagunda kawiri, kachitatu n'kupalasa m'mbali, kenako kawiri, n'kupalasanso. Ndinadziuza kuti mitondo yonse imalira chimodzimodzi.

"Enelesi," anaitana Tanyosi, "manzi ya balendo."

Mtondo unaleka.

Dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo likuitanidwa lokhalokha chotero, lopanda ulemu kutsogolo kwake. Kumudzi palibe ankalitchula. Kumudzi anali amake Febian.

Chiguduli cha pakhomo la kuseri chinasuntha, ndipo analowa chafutambuyo, beseni kudzanja lina, jagi kudzanja lina. Anali ataonda. Anavala chitenje cha chipani chofwifwa, mapazi ali pansi monga mwa masiku onse. Atatembenuka anandiona. Nkhope yawo yonse inatseguka, madzi a m'jagi anakhavukira pansi, ndipo milomo yawo inayamba kuumba dzina langa. Ndinaliona likubwera.

Ndinawatsogolera.

"Zikomo, amai," ndinatero. "Ikani apa."

Munthu amene sanakulire kwathu sangaone cholakwa pamenepa. Amai ndi mawu aulemu. Umatero kwa wogulitsa tomato, kwa mkazi wa abusa, kwa aliyense wovala chitenje amene sukumudziwa dzina. Ngakhale mayi ako okubereka ungawaitane choncho ngati unakulira m'tauni. Ndinabisala m'mawu amenewo podziwa kuti Virginia samvamo kanthu, ndiponso kuti tsiku lina ndikadzafunsidwa ndidzati, kodi sindinawatchule amai? Koma chibadwire ndinali ndisanawaitanepo motero. M'Chinsenga cha m'nyumba mwathu anali amama, ndipo iwo anamva kusiyanako msanga kuposa ine amene ndinalankhula.

Anayang'ana tayi wanga. Anayang'ana Virginia, diresi lake, wotchi ya pamkono pake. Kenako anayang'ana pansi. Anagwada ndi maondo onse awiri, mmene mkazi wa kwathu amagwadira mlendo wamwamuna, n'kukweza beseni.

"Sambani, bambo," anatero.

Ndinasamba. Mayi wanga atagwada pamapazi anga, ine ndinatambasula manja n'kusamba. Madziwo anali ofunda. Dzanja lawo logwira jagi silinagwedezeke. Atatha anakwawira kwa Virginia, amene anawathokoza powomba m'manja pang'ono, ndipo anatuluka osatembenuka.

Chakudya anabweretsa Tanyosi mwini wake. Buledi anali wopyapyala, wozungulira, wotentha. Homosi anabwera m'mbale yadothi, wosalala, atakumbidwa kadzenje pakati. Virginia anang'amba buledi, anamupinda, anatapa n'kulawa.

"Ichi chapambana cha ku Kitwe," anatero. "Idya, iwe. Si iwe umadyako kambili?"

Ndinatengera mmene anachitira. Nditaika m'kamwa ndinachizindikira. Chinali chipere chomwe chija ndinakulira, cha nzama zosendedwa imodziimodzi, chosinjidwa ndi manja omwewo, kungoti chathiridwa mandimu ndi adyo n'kupatsidwa dzina lachilendo. Ndili kusekondale ndinkalumbira kuti ndikadzayamba ntchito sindidzachilawanso. Tsopano ndinali nditachikwerera basi, nditavala suti.

Kafuta uja anali nyama yogaya, youmbidwa pa timawaya n'kuotcha pamakala. Anabwera m'mbale ziwiri zogawiratu kukhitchini. Ya Virginia inali ndi mulu wa anyezi wamuwisi pamwamba, monganso za madalaivala aja zimene zinabwera pambuyo pake. Yanga inali ndi tomato yekha. Chiyambire ubwana anyezi wamuwisi amandiyabwa pakhosi, ndipo Virginia ankadziwa zimenezo, poti miyezi yonseyo ankandiseka ndikamamusankhira pambali pa mbale. Anayang'ana mbale yanga, anayang'ana yake, n'kupitiriza kudya.

Tanyosi anakoka mpando wake uja n'kukhala nafe, wosangalala kuti wapeza munthu wodziwa kuyamikira.

"Musanitokoze ine, madamu. Ni Enelesi. Chaka chimozi chabe, manje apika kupambana mai wanga. Anabwela eka kupempa nchito, akuti afuna kunkala pafupi na museu." Anatsitsa mawu pang'ono, koma kanyumbako kanali kakang'ono. "Mwana wake ni muntu mukulu, ticha ku Petauke. Basi ya ku Petauke ikaima, uyu asiya mutondo, aenda kuyangana bamene baseluka. Siku yonse. Lelo chabe basi yachedwa, alindila, alema, abwelela ku mutondo. Ine nakalipa, nalema."

"Ku Petauke?" anatero Virginia. "Febian, si uzamuziba iwe? Maticha mulipo bangati?"

Nthawi yomweyo amama analowa ndi buledi wina. Virginia anatembenukira kwa iwo.

"Amai, mwana wanu zina yake ni ndani?"

Mwayi unabwera kachiwiri, woonekeratu, ndipo ndinauona. Ndikanangoimirira n'kunena mawu awiri. Mmalo mwake ndinang'amba buledi wamkulu n'kudzaza m'kamwa kuti pasapezeke malo a mawu. Madalaivala anali atasiya kutafuna. Panja nkhuku inkapalasa masamba ouma.

Amama anaika buledi patebulo pang'onopang'ono.

"Yayi mama, aŵa sangamuziŵe," anatero. "Wangu ni katicha ka kumunzi, kutali na boma. Nchito yamuchulukila ngako, niye chake saoneka."

Munthu amene sankadziwa kunama ananama mosalala chotero, pofuna kunditchinjiriza ine. Ndikanakonda akananditukwana pamaso pa onse, kapena kundikhuthulira madzi a m'beseni kumutu. Iwo anangotola mbale zopanda kanthu n'kutuluka. Posakhalitsa mtondo unayambanso kulira, koma tsopano unkangogunda osapalasa.

Mtengo unalidi wa madalaivala. Tanyosi anatiperekeza mpaka pakhomo, akutiuza kuti tidzabwerenso ndi anzathu, ndipo ine ndinalonjeza ndi mawu aakulu.

Tinakaima pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu kudikira basi yochokera ku Lusaka. Kunkatentha kwambiri. Ine ndinayamba kulongolola. Ndinalankhula za phula wa msewu, za mayeso a Giredi 7, za mtengo wa thonje, chilichonse chimene chikanatseka mpata. Virginia ankangoyang'ana mapiri. Nditapuma kuti ndimeze malovu, anafunsa ndi mawu otsika.

"Febian, wauza ndani kuti sudya anyezi?"

"Kapena yenze yasila."

"Ya madalaivala inabwela pambuyo pa yako, na anyezi pamwamba." Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Ine ndine nasi. Nimayangana bantu pa nkope kuchoka kuseni mpaka mazulo. Ku Sandwe kuli ndani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Zinali zitatuwa ndi fumbi.

"Kulibe," ndinatero.

"Na baja bamene banakugwadila?"

Sanakalipe, sanalire. Anavula chikwama chake paphewa n'kundipatsa kuti ndigwire, monga amachitira munthu akafuna manja onse awiri. Kenako anabwerera. Sanalowere pakhomo la odya, anazungulira kuseri kwa nyumba. Ndinamutsatira chapatali, chikwama cha chizimayi chili m'manja.

Kuseriko kunali kachisakasa ka udzu, mafuwa, ndi phulusa lomwazika pabwalo. Amama anali atakhala pansi pafupi ndi mtondo, miyendo atatambasula, lichero la nzama zonyika lili pamiyendo. Sankasenda. Manja anali m'licheromo, maso ali pakhoma.

Virginia anapita molunjika. Anagwada paphulusa pomwepo ndi diresi lake loyera, anawerama, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse umene mkazi amapereka kwa apongozi. Chinsenga chake chinali chotola kwa odwala kuchipatala, chokhotakhota, koma chinamveka.

"Mwachoma tyani, amama? Ine ndine Virginia."

Amama anadzidzimuka. Anapukuta manja pachitenje, anagwira manja a Virginia onse awiri n'kuwasunga nthawi yaitali.

"Nachoma, mwana wangu," anatero. "Nyamukani, muipisha dilesi."

Virginia sananyamuke. Anakhala pansi pambali pawo, anakokera lichero pakati, n'kutola nzama imodzi. Sankadziwa kusenda kwake. Amama anamuonetsa mmene amafinyira ndi chala chachikulu kuti khungu lichoke lokha, ndipo yachiwiri inatheka.

Ine ndinali nditaima padzuwa, pamalire a bwalo. Mawu aja ndinawabisa kuyambira masana pomaliza anatuluka, aang'ono, ochedwa.

"Amama."

Anakweza mutu. Pankhope pawo panalibe mkwiyo, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa. Anandiyang'ana mmene umayang'anira munthu amene waima nthawi yaitali osalandiridwa. Anadzuka pogwira mtondo, analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula mpando wa Tanyosi, uja wa chotsamira. Anauika pamthunzi wa khoma, mapazi khumi kuchokera pamene anakhala. Anaupukuta ndi nsonga ya chitenje, pokhalira ndi potsamira pomwe.

"Nkhalani, bambo," anatero. "Zuŵa yakalipa."

Anabwerera pansi, pambali pa Virginia. Kumsewu basi ya ku Petauke, ija tinkadikira, inaima n'kuliza hutala kawiri, koma amama sanatembenuke kukayang'ana otsika. Inaliza kachitatu, inanyamuka. Ine ndinakhala pampandopo, tayi ali pakhosi, chikwama cha Virginia chili pamaondo, ndikuyang'ana misana iwiri itaweramira lichero limodzi.